Chigawo Chopanda Chilembo

Kompyuta yatsopano inafika kunyumba kwa a Rana Liaqat kutatsala masiku ochepa kuti achite sadaka ya mwana wawo Sarmad. Inabwera m'makatoni pa rikisho, kagalimoto kahayala ka mateyala atatu, ndipo Mubashir, mng'ono wake wa malemuyo, ndi amene anaitsitsa n'kukwera nayo masitepe mpaka kuchipinda chapamwamba chimene awiriwa ankagonamo kuyambira ali ana. Pathebulo panali padakali kompyuta yakale ya Sarmad, yotuwa ndi fumbi la thonje limene ku Faisalabad limalowa ngakhale m'mano. Chichitikireni maliro, palibe anali ataiyatsa.

A Rana anali atalamula kale, ndipo iwo akalamula sabwereza. Kompyuta yakaleyo ipita kusukulu ya ana amasiye ya pafupi ndi mzikiti, monga momwe zinapitira zovala, nsapato ndi wotchi ya malemu, kuti mphotho yake imupeze komwe ali. Ndipo chopereka cha sadaka sichipita cholumala: ipite yathunthu, disiki yake ili m'kati, yofufutidwa bwinobwino, mwana akangoidina iyake. Yatsopanoyo inali ya ntchito za kusitolo yawo ya nsalu ndi zina za pakhomo.

"Zithunzi za banja usamutse," anatero ataima pakhomo la chipindacho, pakuti m'kati sankalowamo. "Mapepala a kusitolo usamutse. Koma magemu, puttar, mwana wanga, ngakhale imodzi ndisaione. Wamva?"

"Ndamva, Abbu."

Nkhani ya magemu inali ndi pochokera. Sarmad anafa m'mamawa pamsewu wa ku Jaranwala, akupita pa njinga yamoto kukatenga mipukutu ya nsalu kufakitale. Kunali chifunga chija cha m'nyengo yozizira, chosakanikirana ndi utsi, chimene anthu mumagundana musanaonane, ndipo lole inamupeza pakona. A Rana ankati mwanayo anali asanagone, anachezera magemu mpaka kuitana kwa mapemphero a m'bandakucha, n'kukwera njinga maso ali olemera. Mubashir mumtima mwake ankafunsa kuti nanga wotuma munthu pa chifunga chotere ndi ndani. Funsolo silinatulukepo pakamwa. Analimeza tsiku la maliro ndipo linangokhala pakhosi. Kukoleji ku Lahore sanabwererenso. Palibe anamuuza kuti asiye sukulu. Kungoti mpando wa Sarmad kusitolo unalibe munthu, bambo ake tsiku ndi tsiku ankauyang'ana, ndiye tsiku lina iye anangokhalapo.

Nsalu sankazidziwa. Kasitomala akafunsa mtengo, iye ankayamba wayang'ana bambo ake, ndipo lumo linkamuchita manyazi m'manja. Koma pa kompyuta panalibe womuphunzitsa. Iye ndi Sarmad anakulira m'kashopu ka a Naveed Butt kumsika wa makompyuta, mnzawo wa bambo awo wa kuyambira kusukulu, amene anyamatawa ankawatcha Chacha, kunena kuti bambo aang'ono. Tchuti chilichonse ankakhala kumeneko, kumasula mabokosi ndi kupukuta fumbi, uku akumva chiphunzitso chimodzimodzi mpaka kuchiloweza: chigawo C cha disiki ndi pabwalo, Windows ikadwala timasesa zonse osafunsa mwini wake, choncho chimene umachikonda usachisiye pa C.

M'kompyuta yatsopanoyo, yogulidwa kwa a Naveed omwewo, munali madisiki awiri. Imodzi inali kachitsulo kosaposa chala, yaliwiro koma yaing'ono m'mimba. Inayo inali yolemera ngati njerwa, yaulesi, koma yaikulu m'mimba, ya matera awiri pa muyezo wa madisiki, chifukwa a Rana akamagula chinthu amafuna chachikulu, kuti asadzabwererenso kumsika. Mubashir anapinda manja a malaya. Pa yaing'ono ija anaikapo Windows ndi mapulogalamu onse, ya malisiti, ya zithunzi, yolembera makalata, kuti munthu akayatsa kompyuta asachite kukaphika tiyi podikira. Imeneyo ndiye C. Yaikuluyo anaikonzera kuti aidule pawiri: D ikhale ya kusitolo, E ya pakhomo. Podziwa kuti bambo ake amangodina batani lililonse limene laoneka lalikulu, anapatutsa njira zonse kuti chilichonse chimene angasunge kapena kutsitsa pa intaneti chizigwera chokha pa D, C asaiyandikire n'komwe. Anakonza mafoda: a mafakitale, a makasitomala a ku Multan ndi ku Karachi, a zithunzi za nsalu za nyengo yotentha ndi za yozizira. Anazindikira mochedwa kuti akuimba kamluzu. Chichitikireni ngozi, aka kanali koyamba manja ake kudziwa chochita popanda kufunsa munthu.

Kenako analumikiza disiki ya Sarmad kuti asamutse zofunika.

Munali chipwirikiti. Munthu amene anamva chiphunzitso cha a Naveed tchuti ndi tchuti anali ataunjika chilichonse pa C pomwepo, zithunzi za ukwati wa msuweni wawo pamodzi ndi mitengo ya nsalu, nyimbo pamodzi ndi mapepala a msonkho, mafoda opanda maina, foda m'kati mwa foda inzake ngati mapoto a Ammi, amayi awo.

"Bhai, ndiwe bulu," Mubashir ananena chapansipansi, akumwetulira, ngati mkulu wakeyo akumumva.

Anasankha, anasamutsa, anataya. Magemu anawaona ndipo sanawakhudze. Amenewo akanapita ndi kufufuta, ndipo analibe nawo chisoni. Koma pansi pa zonse anapeza foda ina yonenepa kuposa magemu onse pamodzi. Munali makanema, mazanamazana. Sarmad anali ndi pulogalamu yojambula gemu iliyonse imene wasewera ndi anzake pa intaneti, ndipo ankaiwala kuizimitsa, ndiponso sanafufutepo ngakhale kanema mmodzi. Mubashir anadina woyamba amene chala chinagwerapo. Pa sikirini panatuluka asilikali ojambulidwa akuthamanga m'mabwinja, ndipo m'masipika munatuluka Sarmad, akuseka, akutukwana mnzake kuti akuwombera ngati azakhali ake.

Anazimitsa msanga.

Zithunzi za Sarmad zinalipo zambiri, china chinali pakhoma la pabalaza atachiveka maluwa. Koma mawu ake analibe kwina. Foni yake inaphwanyikira pansi pa lole, ndipo m'mafoni a apabanja munangotsala timauthenga ta ntchito: katundu wafika, kasitomala wakana. Kuseka kwake konse, kutukwana kwake, mmene ankakokera mawu akamanama, zonsezo zinali muno mokha, zitakulungidwa m'chinthu chomwecho chimene bambo awo analetsa. Ndipo disikiyo inali yoti ifufutidwe isanafike sadaka.

Makanemawo anali pafupifupi tera yathunthu. Palibe fulashi imene ikanawanyamula. Disiki yakeyake sakanaigula, pakuti chisiyireni koleji ankadyera m'manja mwa bambo ake, ngakhale za rikisho ankachita kupempha. Sanaganize nthawi yaitali. Disiki yaikulu ija anaidula patatu m'malo mwa pawiri: D, E, ndi chigawo chachitatu chotenga theka lonse. Anathiramo makanema onse, kukopera kunatenga tsiku lathunthu, ndipo kutatha anachotsa chilembo cha chigawocho. Chigawo chopanda chilembo sichioneka; munthu akatsegula kompyuta amangoona C, D ndi E, ngati nyumba imene chitseko chimodzi achimata n'kupakapo laimu. Nzeru imeneyi anaiphunziranso m'kashopu ka a Naveed, ngakhale sikuti anachita kumuphunzitsa.

Disiki yakale anaifufuta yonse, n'kuikamo Windows yatsopano ndi mapulogalamu ophunzirira kulemba. Tsiku la sadaka, anthu atatha kuwerenga Korani ndi kudya mpunga wa nyama, iye yemwe ananyamula kompyuta ya Sarmad kupita nayo kusukulu ya ana amasiye. Shehe anamudalitsa. Pobwerera anayenda mopepuka, chifukwa ankadziwa kuti chimene wapereka ndi bokosi chabe.

Alendo atabalalika, anatsitsira kompyuta yatsopano pabalaza n'kuitana bambo ake kuti awaonetse. Anafotokoza mosadodoma, ngati wogulitsa wodziwa katundu wake: apa ndi mapulogalamu, musakhudze; apa ndi sitolo; apa ndi zithunzi za pakhomo, Ammi akafuna kuona ukwati wa msuweni Rubina adine apa. A Rana anavala magalasi n'kuwerama. Zithunzi sanaziyang'ane. Anayang'ana timizere tosonyeza kukula kwa chigawo chilichonse ndi manambala a pansi pake, milomo ikugwedera pang'ono monga amachitira akamawonkhetsa mumtima. Kenako anatenga katoni ya disiki yaikulu ija, imene inali idakali pambali, naitembenuza.

"Wagwira ntchito yabwino, puttar," anatero, n'kupita kukagona.

Mubashir anali ataiwala chinthu chimodzi: bambo ake sanalandirepo mpukutu wa nsalu osauyeza. Fakitale ilembe zimene ilembe pa chizindikiro chake, iwo amatambasula mpukutu wonse n'kuuyeza ndi chitsulo chawo, mita ndi mita, woubweretsa ataima pomwepo.

Lachisanu, atatuluka mumzikiti, anamuuza kuti azule mawaya n'kukweza kompyuta mu rikisho. Sananene kopita, koma katoni ija anali ataipanira m'khwapa, ndipo rikisho itakhotera kumsika wa makompyuta Mubashir anadziwa. Njira yonse anafuna kuyankhula, koma ankadziuza kuti Chacha Naveed ndi katswiri wa pakamwa, apeza chonena, nkhani izizira. Anali kukhulupirirabe kuti zinthu zili m'manja mwake.

Kashopu ka a Naveed kanali pansanjika yachitatu, kopapatiza, konunkhira waya wopsa ndi tiyi wa mkaka. Eni ake, bambo wonenepa wa ndevu zofiira ndi utoto wa hina, anaimirira manja atatambasula, akuitanitsa kale tiyi kudzera pazenera. Anakhala nawo pamaliro kuyambira tsiku loyamba, ndipo ndi iwo anatsitsira thupi la Sarmad m'manda pamodzi ndi Mubashir. Koma a Rana sanalowe m'manja mwawo. Anaika katoni pakauntala.

"Butt sahib, tawerengani apa."

A Naveed anakweza nsidze. Zaka zonsezi mnzawoyo ankangowatcha Naveed, osati sahib ngati bwana wachilendo.

"Matera awiri, Rana sahib."

"Tsopano yatsani muwerenge za m'katimo."

Mawu a a Rana ndi a munthu wozolowera kuitana makasitomala pakati pa phokoso la msika, ndipo eni mashopu oyandikana anayamba kusuzumira, ena kubwera kudzaima pakhomo makapu ali m'manja. A Naveed analumikiza kompyuta pa sikirini yawo, uku akufotokoza moleza kuti disiki iliyonse imaonetsa zochepa pang'ono kuposa zolembedwa pakatoni, ndi momwe amawerengera opanga, dziko lonse zili choncho.

"Kuchepa pang'ono ndikukudziwa," a Rana anawadula. "Fakitale nayo imandidya kachidutswa pa mpukutu uliwonse, ndimangokhala chete. Koma theka, Butt sahib? Manda a mwana wanga asanaume n'komwe, inu mukundigulitsa theka pa mtengo wa chathunthu?"

Pakhomo wina anatsokomola. Pamsika umenewu mbiri yoti wakuti amagulitsa madisiki abodza ikangotuluka, imafika pansanjika yapansi munthu asanamalize kapu ya tiyi. Nkhope ya a Naveed inada. Anatsegula pamene pamaoneka magawo onse a disiki, obisika ndi osabisika, ndipo anachiona nthawi yomweyo: chigawo chachikulu, chodzaza mpaka pakamwa, chopanda chilembo. Anapotoza sikirini pang'ono kuti a Rana asaone bwino, n'kuyang'ana Mubashir pamwamba pa magalasi.

Pamsika wonsewo, chigawo chopanda chilembo chili ndi tanthauzo limodzi. Ndi mmene anyamata amabisira makanema amene bambo akawapeza, lamba amavulidwa. A Naveed anali atapulumutsa anyamata otere osawerengeka, ena a iwo tsopano ndi madokotala. Ndipo uyu anali mwana wa mnzawo, wofedwa, wosiya sukulu, woti achititsidwe manyazi pamaso pa msika wonse Lachisanu. Anapuma mozama, nasisita ndevu, n'kusenza mlanduwo okha.

Anavomereza kuti a Rana akunena zoona. Disikiyo ili ndi vuto la kufakitale, theka lake lafa, zimachitika kamodzikamodzi, ndipo kulakwa ndi kwawo chifukwa sanaiyese asanaipereke. Aika yatsopano pompano, asamutsira D ndi E ulere, ndipo yowonongekayo aibweza kwa amene amawapatsa katundu ku Lahore. Ponena izi anatsinzinira Mubashir diso limodzi. Mubashir anamva mtima ukukhazikika. Disiki ikatsala muno m'shopu, mawa abwera yekha kudzaitenga.

A Rana anafewa pang'ono, koma sanathe.

"Isanatuluke muno muifufute yonse, ine ndikuona," anatero. "Muli zithunzi za akazi a m'nyumba mwanga mmenemo. Sizipita kwa anthu a ku Lahore."

Pamenepo panalibe chotsutsa. Bambo aliyense woima pakhomo paja akananena zomwezo, ndipo ena anagwedeza mitu. A Naveed anatulutsa disiki yatsopano m'kabati, naing'amba pulasitiki, nayamba kusamutsa. D ndi E zinali zopepuka, sizinachedwe. Tiyi anabwera, a Rana anamulandira. Kenako a Naveed anakokera mausi pa disiki yakale ija, nasankha yonse, magawo onse atatu, n'kuyang'ana Mubashir mokhala ngati akuti pepa mwanawe, zoterezi uzipezanso.

Mubashir anaika dzanja lake pamwamba pa dzanja lawo.

"Chacha, disiki ilibe vuto."

"Rana sahib," a Naveed anafulumira, "bwanji mukamwere tiyiyo pakhonde, muno mwatentha? Ife timalize zaumisirizi." Ndipo anaweramira kwa Mubashir n'kunong'ona, mano ali olumana: "Wapenga iwe? Ndadzipaka matope chifukwa cha iwe, ndiye ukufuna udzivule wekha? Zinthu zimenezi zili paliponse, Mubi, ngakhale pansi apa akugulitsa."

"Izi palibe akugulitsa, Chacha."

Anatenga mausi. Ntchito imeneyi ankaidziwa, inali ya kudina katatu basi. Anapatsa chigawocho chilembo F, ndipo chinatulukira pa sikirini pambali pa zinzake, chofiira ndi kudzaza. Anawongola sikirini kuti iyang'ane bambo ake.

"Theka lanu ndi ili, Abbu. Chacha sanakubereni. Ndinalibisa ndine."

A Rana anaika kapu pansi pang'onopang'ono. Anafunsa chimene chili m'katimo, ndipo a Naveed anayang'ana kudenga ngati munthu wopempherera mvula.

"Magemu a Bhai. Osati magemu enieniwo, amenewo ndinafufuta monga munanenera. Awa ndi makanema a iye akusewera."

"Ndinati chiyani ine?"

"Munati ngakhale imodzi musaione. Ndinamva. N'chifukwa chake simunaione."

Khosi la a Rana linatupa. Ananena kuti chinthu chimene chinamupha mwana wawo sichikhala pansi pa denga lawo, chobisika kapena choonekera, ndipo anauza a Naveed kuti afufute. A Naveed sanasunthe. Funso lija la chifunga linakwera kukhosi kwa Mubashir, lathunthu, lakuthwa, ndipo anadziwa kuti akalitulutsa pano, pamaso pa anthu, bambo ake safufuta disiki yokha. Analibweza. M'malo mwake anatsegula foda, nakweza masipika.

"Mufufute mutamva, Abbu. Mpukutu simuubweza musanautambasule."

Sanasankhe. Anadina kanema amene anali pamwamba.

Poyamba kunamveka mfuti zabodza ndi mapazi othamanga. Kenako Sarmad anadzaza kashopu konse, ngati wangolowa kuchokera pamasitepe. Ankalamula anzake kuti akhotere kumanzere, kumanzere, kodi kumanzere kwanu kuli kuti anthu inu. Wina wotchedwa Gullu anamufunsa chifukwa chake wachedwa kulowa, ndipo Sarmad anakonza kukhosi kawiri, nakhuthalitsa mawu, n'kuyamba kuyankhula ngati bambo ake: Sarmad, magetsi amenewa amalipira ndani, agogo ako? Anzakewo anafa nazo kuseka. Asanamalize, m'kanemamo munamveka kugogoda pachitseko, ndipo kuseri kwake mawu enieni a a Rana, akutali koma osasokonezeka, akufunsa kuti magetsi amenewo amalipira ndani. Kuseka kunasanduka kulira kwenikweni, wina ankachita kumenya thebulo.

"Ndikuzimitsa, Abbu, ndikuzimitsa," Sarmad anayankha mwaulemu wonse. Kenako, chapansipansi, kwa anzake aja: "Basi inu, tsekani pakamwa. Mdala ameneyu womuseka ndine ndekha."

A Naveed anali atadzuka kale. Anakankhira anthu a pakhomo panja mofatsa, natsitsa chitseko chachitsulo mpaka pakati. Mubashir anaimitsa kanemayo.

A Rana anali ataima pomwe paja, dzanja limodzi litagwira m'mphepete mwa kauntala. Anavula magalasi, nawapukuta ndi m'munsi mwa malaya, nawavalanso, nawavulanso.

"Sindiyankhula choncho ine," anatero potsiriza, mawu atasasa.

"Mumayankhula choncho, Rana sahib," a Naveed anayankha, akupukuta mphuno ndi chikhatho. "Kuyambira tili kusukulu. Ngakhale kukonza kukhosi kawiriko."

Palibe anaseka, koma mpweya unabwerera m'chipindamo. A Rana anayang'ana sikirini, pamene msilikali wojambulidwa anali ataima mwendo uli m'mwamba, kenako anayang'ana mwana wawo wotsalayo nthawi yaitali, ngati akumuyeza. Mubashir sanagwetse maso. Kenako a Rana anawerama, nadutsa pansi pa chitseko chachitsulo, n'kutulukira pakhonde pomwe eni mashopu anali adakaunjikana akunamizira kumwa tiyi. Ndi mawu omwe aja oitanira makasitomala, analengeza kuti Naveed Butt sanawabere kanthu, disiki ndi yathunthu, wolakwa ndi iwo amene anatsegula pakamwa asanafunse m'nyumba mwawo, ndipo aliyense amene wanyamula nkhani ija kupita nayo pansi aitsatire akaibweze. Ndiye anabwerera m'kati.

"Zimenezi zili pano pokha?" anafunsa.

"Pano pokha, Abbu. Disiki ya Bhai ndinaifufuta isanapite kwa ana amasiye."

"Ndiye iyi ikafa?"

"Zapita."

A Rana anatembenukira kwa mnzawo. "Naveed, disiki wang'amba pulasitikiyo usaibweze m'kabati. Ndaigula. Akopere zonse mmenemo, ikakhale kusitolo m'bokosi lachitsulo. Ndipo iwe," anatero kwa Mubashir, "chilembocho chisachokenso. M'nyumba mwanga mulibe zipinda zobisika."

A Naveed anayamba kunena kuti disikiyo angoitenga, ndi ya Sarmad, koma a Rana anakweza dzanja ndipo nkhaniyo inathera pomwepo. Mubashir anafufuta zimene zinasamutsidwa kale pa disiki yatsopanoyo, naipanga chigawo chimodzi chachikulu, n'kuyambitsa kukopera. Kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa. Ananena kuti zitenga mpaka madzulo, mwina abwerere mawa, koma bambo ake anakoka mpando wa makasitomala n'kukhala.

"Za magemu sindinasinthe maganizo," anatero. "Sindikufuna kuwaona."

Mubashir anati zimenezo n'zotheka. Akhoza kuchotsa zithunzi zonse m'makanemamo n'kusiya mawu okha, ndipo akatero malo ambiri abwerera, mwina theka lija lonse kupatula kachidutswa. Ndi ntchito ya masiku angapo, koma akuidziwa. A Rana anaganiza, akusisita bondo.

"Ayi. Usadule kanthu. Mmene anazisiyira zikhale momwemo."

"Ndiye muziona asilikaliwo, Abbu."

"Ndizitsinzina."

Anawonjeza kuti amayi ake asawauze lero, awauza okha akapeza poyambira. A Naveed anaitanitsa tiyi wina ndi masamusa, nakweza chitseko pang'ono kuti mphepo ilowe. Panja msika unali utabwerera ku phokoso lake, wina akukangana za mtengo wa kiyibodi. A Rana anatsamira khoma, napinda manja pamimba, natseka maso.

"Ika wina," anatero.